Kasamadzisinthe Kokha

Ku Chikwa aliyense wokhala ndi laputopu amene ndikumudziwa anaphunzira kutseka ma update asanaphunzire n'komwe kusindikiza kalata. Aphunzitsi anatseka. Mnyamata amene amakopera anthu nyimbo ndi mafilimu pamsika anatseka kalekale, ndipo amatsekeranso ena akamugulira chakumwa. Kwa zaka zambiri ndinkangoti ndi mmene zinthu zimayendera kuchigwa cha Luangwa, osaziganiziranso. Zinayamba kundisowetsa mtendere nditakhala pansi ku Chipata kuti ndiphunzitse kapulogalamu kanga kudzikonza kokha, kuti ndikasintha kanthu kuno, makompyuta a ku Chikwa azilandira popanda ine kukwera galimoto. Ndili mkati mwa ntchitoyo ndinaona kuti chimene ndikumanga mosamalitsa chonchi ndi chomwecho chimene eni makinawo amathamangira kutseka, ndipo anthu amenewa si opusa ayi.

Kapulogalamuko n'kosadabwitsa. Gulu lina la alimi a mpunga limalembamo matumba amene munthu wabweretsa, makilogalamu ake, ngongole ya mbewu ndi ndalama zimene walandira, kenako kamasindikiza lisiti. Mlembi wa gululo ndi mayi wachikulire amene anaphunzitsa kupulayimale mpaka kupuma, ndipo amandilankhula Chinyanja cha m'kalasi chothira Chisenga chawo. Nditawafotokozera mokondwa zimene ndikufuna kuchita, anavula magalasi n'kunena kuti, "Mwana wanga, kanthu kako kaja kasamadzisinthe kokha. Ukafuna kusintha, uyambe wandiuza." Sanawonjezere, koma nkhani yake ndinali nditaimva kale. Tsiku lina anagula bandulo yoti atumize mndandanda wa alimi kwa wogula mpunga, anapita pamalo pomwe netiweki imagwira, analumikiza laputopu ku foni, ndipo asanamalize kulemba uthenga bandulo inali itatha. Pulogalamu ina, imene iwo sanaitsegule n'komwe, inamva kuti intaneti yabwera n'kuyamba kukoka zake mwakachetechete. Mndandanda sunapite tsiku limenelo. Ndikaganiza bwino, ndalama ya bandulo si imene inawawawa kwambiri. Chinawawawa n'chakuti makina ali pamiyendo pawo ankamvera munthu wina amene iwo sakumudziwa.

Komatu ine sindinayambe zimenezi pofuna kuoneka wanzeru. Mu 2011 boma la Chama linachotsedwa m'chigawo cha Kummawa n'kuikidwa ku Muchinga, ndipo mu 2021 linabwezedwanso Kummawa. Pamwamba pa lisiti ya gululo pali adiresi, ndipo kusintha dzina la chigawo inali ntchito ya mphindi zochepa. Kufikitsa kusinthako pa makina ndiye inali nkhani ina. Laputopu imodzi inapitiriza kusindikiza Muchinga kwa nyengo zokolola zingapo, ndipo palibe mlimi anadandaula, poti makilogalamu ake anali olondola. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa chimene dzinalo likuulula: makina amenewo analibenso danga lolembamo amene walipidwa kudzera pa foni, motero fayilo yochokera kumeneko ikatsegulidwa ku Chipata anthu ena ankaoneka ngati sanalipidwe. Gululo limagwiritsa ntchito laputopu yakale ya Windows, kompyuta ina yamphatso imene inabwera ndi Ubuntu, komanso MacBook ya mnyamata wowerengera ndalama kutauni. Iliyonse inali ndi kapulogalamu ka msinkhu wakewake. Mvula ikagwa, mitsinje n'kudzaza, msewu wa kuchigwa sulonjeza kanthu kwa munthu, ungachokere ku Lundazi kapena kuboma ku Chama. Wolemba mapulogalamu aliyense amene anakhalapo pa malo ngati amenewa amalota tsiku limene makina onse adzakhale ofanana iye ali kunyumba kwake.

Palinso china chimene amayi aja sangachione pa lisiti. Kapulogalamuko ndinakamanga ndi Electron, chida chimene chinayambira ku GitHub mu 2013, chomwenso anamangira Visual Studio Code, Slack ndi Signal ya pa kompyuta. Ubwino wake ndi woti umalemba kamodzi, pulogalamu n'kumayenda pa Windows, pa macOS ndi pa Linux. Kuipa kwake n'koti m'mimba mwa pulogalamu iliyonse yotere mumakhala Chromium yathunthu, injini yomwe ija ya Chrome, ndipo injiniyo ikakhala ndi chiboo pulogalamu yako nayonso ili ndi chiboo. Mu Sepitembala 2023 chiboo chotere chinapezeka m'kachidutswa kowerenga zithunzi za WebP, moti chithunzi chokonzedwa mwachinyengo chikanatha kulowetsa zoipa m'makina a munthu. Chrome, Firefox ndi Signal anatulutsa zokonza mwamsanga, ndipo anthu ambiri anazilandira osadziwa kuti panali vuto. Makina otsekedwa ma update sanalandire kanthu. Mwina palibe wakuba angavutike ndi chiwerengero cha matumba a mpunga wa ku Chama. Koma m'mndandandamo muli mayina, manambala a NRC ndi manambala a foni olandirira ndalama, ndipo zimenezo anthu achinyengo amazifuna kwambiri kuposa mpunga. Ndiye ndikamva "kasamadzisinthe kokha" ndimavomera ndi mutu, mtima uli kwina.

Akamanena kuti pulogalamu imodzi imayenda paliponse amanena zoona, koma zoonazo zimathera pomwe update yayambira. Pa Windows sungalembe pamwamba pa fayilo ya pulogalamu imene ikugwira ntchito. Uyenera kudikira munthu atseke, kapena kuika yatsopano m'foda ina pambali pa yakale, monga chimachitira chida chotchedwa Squirrel, chimene chimasiya mafoda okhala ndi nambala ya mtundu uliwonse. Kuti Windows isaopseze munthu ndi chenjezo la pulogalamu yosadziwika umafunika satifiketi yosainira, ndipo kuyambira mu Juni 2023 kiyi ya satifiketi yotere iyenera kusungidwa m'kachipangizo kapadera, osati m'fayilo wamba. Pa Mac update sigwira pulogalamu ikakhala yosasainidwa, ndipo umembala wa Apple wolola kusaina ndi madola 99 pa chaka, zomwe kwa ine zikutanthauza madola 99 chifukwa cha makina amodzi. Pa Linux, Electron payokha ilibe njira, imangokuuza kuti usiyire woyang'anira mapaketi wa Ubuntu, apo ayi upange AppImage n'kugwiritsa ntchito chida china chotchedwa electron-updater. Zonsezi zinalembedwa momveka, munthu wodekha amazitha. Zimene zinandivuta ndi zomwe sizinalembedwe paliponse chifukwa opanga zidazi sanaone chifukwa chozilembera: kuti magetsi sazima pakati pa ntchito, kuti intaneti ilipo usana ndi usiku, ndiponso kuti palibe amene amawerenga ma MB.

Laputopu ya amayi aja imadya moto wa sola, ndipo batire yake yamkati tsopano inafa. Waya akagwedezeka kapena moto ukachepa, imazima pomwepo, osatsazika. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuganizira mphindi imodzi yokha: mafayilo ena atsopano alowa, ena akale akadalipo, kenako mdima. M'mawa mwake alimi ali pamzere ndi matumba awo, kapulogalamu sikakutseguka, ndipo ine ndili kutali. Choncho dongosolo lonse ndinalimanga mozungulira mphindi imeneyo. Update iyambe yatsika yonse. Ikatsika iyesedwe ndi nambala ya SHA-512 yolembedwa m'kafayilo kolengeza, kuti tidziwe kuti sinaduke panjira. Iikidwe pambali, yakale isakhudzidwe, ndipo chomaliza chikhale kanthu kamodzi kakang'ono kosonyeza kuti tsopano tsegulani iyi. Yakale isafufutidwe mpaka yatsopano itatseguka n'kugwira ntchito. Chovuta koposa si pulogalamu koma kaundula wa alimi, chifukwa mtundu watsopano ukasintha kaikidwe ka kaundulayo, wakale sungathenso kumuwerenga, ndiye kubwerera m'mbuyo kumakhala kwa dzina lokha. Pamenepo palibe nzeru ina yoposa kukopera kaundula yense pambali musanamukhudze. Palinso kabatire kozungulira ka pa bolodi, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi. Kakatha, kompyuta imadzuka ili m'chaka chakale, imaona ngati satifiketi ya seva sinayambe kugwira ntchito, n'kukana kulankhula nayo. Mapulogalamu ambiri amangokhala chete zikatero. Kanga ndinakaphunzitsa kunena poyera kuti tsiku la kompyuta ndi lolakwika, chifukwa chimenecho amayi angachikonze okha.

Nkhani ya kukula inandichititsa manyazi m'malo mwa ntchito yathu yonse. Kapulogalamu kolemba matumba, kakamangidwa ndi Electron, kamapitirira 80 MB, ndipo zambiri mwa zimenezo ndi Chromium, osati zimene ndinalemba ine. Kutumiza zonsezo chifukwa cha dzina la chigawo ndi kusalemekeza munthu. Chodabwitsa n'chakuti yankho lake linapezeka kalekale, ndipo analipeza anthu amene intaneti sinkawasowa. Mu 2003 Colin Percival analemba bsdiff, yotumiza kusiyana kokha kwa fayilo yakale ndi yatsopano. Mu 2009 a Google analengeza Courgette, n'kupereka chitsanzo cha update imodzi ya Chrome: yathunthu inali mabayiti 10,385,920, ya bsdiff 704,512, ya Courgette 78,848. Iwo ankafuna kuti zokonza zizifika kwa anthu ambiri msanga. Ku Chikwa manambala amenewa ali ndi tanthauzo lina, chifukwa yoyambayo ingadye bandulo ya munthu pomwe yomalizayo ndi yochepa kuposa zithunzi zambiri zimene anthu amatumizirana pa WhatsApp. Chida cha electron-updater chimayesa zofananako, chimagawa fayilo m'zidutswa n'kukoka zosintha zokha, ngakhale kuti ukakweza Electron yeniyeniyo pafupifupi chilichonse chimakhala chasintha. Ndiye pamafunikanso kuti kukoka kukaduka kuzipitirira pomwe kunalekera. Netiweki ya kuchigwa imabwera n'kupita, ndipo pulogalamu yoyambiranso pa ziro nthawi iliyonse ikhoza kudya mabandulo angapo osamaliza kanthu.

Komabe ngakhale update itachepa bwanji, mawu a amayi aja sanali okhudza ma MB. Kwathu munthu sulowa pakhomo pa mnzako osanena odi, ngakhale utanyamula mphatso, ngakhale mwini nyumba ali mbale wako. Umaima pabwalo, akuvomere, akuone nkhope, ndipo akakhala kuti ali ndi zina umadikira kapena kubweranso. Update yodziika yokha imalowa osanena odi, imasuntha mipando n'kutuluka, mwini nyumba n'kudzapeza batani limene analizolowera lili pena. Mu electron-updater muli kamzere kotchedwa autoDownload, ndipo ukapanda kukakhudza kamakhala kovomera: pulogalamu ikamva kuti kuli chatsopano imayamba kukoka, ndipo munthu akaitseka imadziika. Kukasintha kuti kayambe kafunsa ndi ntchito ya liwu limodzi. Ndinasintha, n'kulemba uthenga wonena zinthu zitatu m'chinenero chimene amayi amawerenga: chasintha n'chiyani, chidya ma MB angati, ndipo chingadikire kapena ayi. Nditatero ndinadzimva wolungama kwa kanthawi, kenako ndinakumbukira chifukwa chimene makampani akuluakulu anasiyira kufunsa. Munthu ukamupatsa batani la "nthawi ina" amadina lomwelo mpaka kalekale. Inenso pa makina anga ndimatero. Amene anaganiza zoti Chrome izidzikonza mwakachetechete sanali achipongwe, anali atatopa kuona anthu akuberedwa kudzera m'ziboo zimene zinatsekedwa kale. Ndikamufunsa munthu, ndiye kuti ndavomera kuti akhoza kukana, ndipo tsiku lina adzakana chinthu chimene chikanamuteteza.

Chimene chimandibweza ku mbali ya amayi n'chakuti update ndi khomo limene ine mwini ndasiya lotsegula m'makina a anthu ena, ndipo wolowera pamenepo amakhulupiriridwa kotheratu. Pa 27 Juni 2017 vairasi ya NotPetya inafalikira kuchokera ku Ukraine kudzera mu update ya M.E.Doc, pulogalamu yowerengera misonkho, ndipo inagwetsa ntchito za makampani akutali ngati Maersk. Anthu a kumeneko sanatsegule uthenga wachinyengo, anangolandira chimene seva yodalirika inawatumizira. Mu 2020 zinachitikanso ndi kampani ya SolarWinds, pomwe makasitomala pafupifupi 18,000 analandira update yoipitsidwa. Pa 19 Julayi 2024 panalibe ngakhale wakuba: kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika, ndipo Microsoft inati makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni anagwa, ndege zinaima, zipatala ndi mabanki zinavutika. Chakudza sichiimba ng'oma. Chimene ndimachiganizira kwambiri pa nkhani imeneyi ndi nthawi yake. Fayiloyo inatuluka 6 koloko m'mawa itangodutsa pa nthawi ya kuno, ndipo inachotsedwa pasanathe ola limodzi ndi theka. Makina amene anali ozima kapena opanda intaneti pa nthawiyo sanakhudzidwe. Laputopu yodikira dzuwa kuti likwere ikanapulumuka chifukwa cha kuchedwa komweko kumene ine ndimakudandaula. Akatswiri kuchedwa kumeneku amachita kukupanga dala, amatumiza update kwa anthu ochepa kaye n'kuona ngati kwabuka moto. Ine ndilibe anthu masauzande oyesera. Ndili ndi MacBook ya kutauni ndi makina anga, ndiye zatsopano zimayambira kumeneko, Chikwa n'kulandira pomaliza, ndipo nyengo yogula mpunga ikayamba sinditumiza kalikonse kosakhudza chitetezo.

Sindikufuna kukometsera kuchedwa mopitirira. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inagwetsa makompyuta a zipatala za ku Britain ndi a m'mayiko ena ambiri, chonsecho Microsoft inali itatulutsa chotseka chiboo chimene inalowerapo mu Malichi. Amene anavulala ndi amene anachedwa. Ndipo kukhala kutali ndi intaneti sikuteteza makina a ku Chikwa monga anthu amaganizira, chifukwa matenda a kompyuta kumeneko sayenda pa netiweki, amayenda pa fulashi. Aliyense amene anabayapo fulashi pa makina okopera nyimbo amakadziwa kavairasi kamene kamabisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha. Fulashi yomweyo ndi imene imanyamulanso zabwino. SmartCare, pulogalamu ya Unduna wa Zaumoyo yosunga mbiri za odwala, kwa zaka zambiri inkagwira ntchito m'zipatala zakumidzi popanda intaneti, zolembedwazo n'kumapita ku ofesi yaboma pa fulashi. Anthu amene anaikonza ankadziwa dziko limene akugwiramo ntchito. Ndinadzifunsa chifukwa chimene update yanga iyenera kudziwa njira imodzi yokha. Tsopano kapulogalamuko kamalandira fayilo yomweyo kuchokera ku seva kapena pa fulashi imene wabwera nayo aliyense wochokera kutauni, woyendetsa galimoto ya mpunga kaya mwana wa sukulu wobwera kutchuthi. Sikamukhulupirira wonyamulayo, ndipo sikafunika kutero. Kamayang'ana siginecha. Fayilo iliyonse ndimaisaina ndi kiyi ya Ed25519, njira yomwe Sparkle, chida cha ma update a pa Mac chimene Andy Matuschak anayamba mu 2006, imagwiritsanso ntchito. Siginechayo ndi mabayiti 64 okha, ndipo kuitsimikiza sikufuna intaneti ngakhale tsiku lolondola. Vairasi ikakhudza fayiloyo panjira, kapulogalamu kamaikana. Kamakananso mtundu wakale kuposa umene ulipo, kuopa kuti fulashi yoiwalika m'thumba ingabweze Muchinga pa lisiti.

Apa mpamene mantha anga anasamukira. Kiyi yosainira ili ndi ine ndekha. Ikabedwa, wakubayo akhoza kulankhula ndi makina onse a gululo m'dzina langa, ndipo adzamumvera. Ikatayika, palibenso update imene adzalandire, ngakhale yochokera kwa ine. Ndikadwala kapena kupeza ntchito ku Lusaka n'kuiwala za mpunga, seva ija tsiku lina idzazima chifukwa cha bilu yosalipira. Makampani ali ndi anthu olowa m'malo mwa anzawo, pomwe mapulogalamu ambiri a magulu ang'onoang'ono a kwathu kuno amatsamira pa munthu mmodzi. N'chifukwa chake ndinaonetsetsa kuti seva ikasowa kapulogalamu kasadandaule, kasachedwe kutseguka, kazingolemba matumba ngati kale. Mapulogalamu ena amakana kugwira ntchito mpaka utalandira zatsopano. Kwa banki mwina n'zomveka. Kwa mlembi amene alimi akumudikira pamzere dzuwa lili pamutu, imeneyo ndi nkhanza.

Makina nawonso amakalamba mosiyana ndi mmene opanga zida amawerengera. Electron 23, imene inatuluka kumayambiriro kwa 2023, inasiya kuyenda pa Windows 7 ndi 8. Pulogalamu yodzikonza yokha mosayang'ana ikhoza kukoka mtundu watsopano, kufufuta wakale, n'kupezeka kuti watsopanowo sungatseguke pa makinawo. Yadzipha yokha, mwaulemu, motsatira malangizo onse. Choncho isanakoke kanthu iyenera kuyamba yadzifunsa kuti ili pa makina otani, ndipo ikaona kuti zatsopano sizingakwane, ikhale pomwe ili n'kumuuza mwini wake zoona. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zomwe malaputopu ambiri akaunjika alibe. Laputopu ya amayi sidzakwera. Idzapitiriza kugwira ntchito zaka zina, chifukwa kuchigwa makina satayidwa akadali kuyaka, ndipo tsiku lidzafika pomwe Chromium yatsopano idzaikana. Pamenepo ndidzasankha pakati pa kusiya makinawo ndi injini yokalamba kapena kuwanyengerera amayi kuti aphunzire Ubuntu atakula kale. Zonse ziwiri sizikundisangalatsa.

Mnzanga wina wa ku Lusaka anandiseka kuti ndikulimbana ndi vuto limene likutha lokha. Starlink inafika m'Zambia mu Okutobala 2023, nsanja za netiweki zikuwonjezeka, posachedwa ma MB sadzakhalanso nkhani. Mwina akunena zoona pa mbali ya netiweki, ngakhale kambale ka Starlink nakonso kamafuna moto ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, zimene gulu la alimi limapeza kamodzi pa chaka. Koma ndinamukumbutsa za 2024. Boma litalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo miyezi ina anthu a ku Lusaka ankaona magetsi maola ochepa okha pa tsiku. Mwadzidzidzi mphindi ija ndinkaiopa ku Chikwa, ya mdima pakati pa update, inali mphindi ya aliyense, ya m'maofesi a mu Cairo Road momwe. Ndipo ngakhale intaneti itakhala yaulere mawa, funso la amayi lidzakhalapobe, loti ndani ali ndi chilolezo chosintha makina a munthu, nanga pa nthawi iti. Kutauni funsoli tinasiya kulifunsa chifukwa mtengo wake sitiumva. Ku Chikwa mtengowo umaoneka pa foni bandulo ikatha, ndiye anthu akadali kufunsa.

Pali chimodzi chimene ine ndi amayi sitinagwirizanebe. Ndinawapempha kuti zokonza zokhudza chitetezo, zikakhala zazing'ono, zizilowa zokha. Anati, "Zikakhala zazing'ono, kundiuza kukuvuta pati?" Ndinalibe yankho labwino, ndiye panopa chilichonse chimafunsa, kungoti cha chitetezo chimafunsanso tsiku lililonse mpaka chitavomerezedwa, ndipo ine ndimaimba foni. Amayi amavomera kawirikawiri Loweruka madzulo, akamaliza kulemba za mlunguwo ndi kukopera kaundula pa fulashi yawo. Mnyamata wa MacBook amati uthengawo umamutopetsa, akufuna zizichitika zokha, ndipo iye ndinamuikira batani loti asafunsidwenso.

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi ku UNZA, ku CBU kapena ku BongoHive, mukadzamanga update ya pulogalamu yanu musadzaiyesere pa intaneti ya mu ofesi yokha. Chotsani batire mu laputopu, lumikizani ku foni yokhala ndi bandulo imene mwagula ndi ndalama yanu, bwezani tsiku la kompyuta m'mbuyo zaka zisanu, ndipo update ikafika pakati zulani waya kukhoma. Mukayatsanso, onani ngati kaundula akutseguka.